Kodi wotetezedwa ndi mfulu?

Anzanga, sabata ino tiyeni titsikire kuchigwa cha Shire.

Mukaima pachipata cha Marka ku Nsanje, Msena wa mbali ino akuuzani kuti ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Mbale wake wa ku Vila Nova da Fronteira akuuzani kuti ayi, ndi pa 25 Juni 1975. Agogo awo ndi amodzi, chilankhulo n'chimodzi, koma mwana wa uyu amaphunzira m'Chingerezi, wa uyo m'Chipwitikizi. Anagamula ndani? Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891. Msena kapena Mmang'anja sanasainepo.

Mu 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'chigwa chomwechi. Angerezi anati, asiyeni awa, tikuwateteza ndife. N'chifukwa chake Nyasaland ankatchedwa protectorate, kutanthauza dziko lotetezedwa. Komatu wotetezedwayo ankakhoma msonkho wa nyumba, ndipo Nsanje inkadziwika kuti Port Herald. Ndikufunseni: chitetezo choti sungachikane, n'chitetezo kapena goli?

Musafulumire kuyankha. Mu 1995 anthu a ku Bermuda anafunsidwa ngati akufuna kudziimira paokha. Ambiri mwa ovota anakana, ndipo mpaka lero chilumbachi chili pansi pa Britain. Tiziti ndi akapolo? Ine ndikuti ayi, poti anafunsidwa, ndipo mawa akhoza kusintha maganizo. Chaka chomwecho Mozambique, yomwe sinalamulidwepo ndi Angerezi, inalowa m'bungwe la Commonwealth mwa kufuna kwake.

Ndiye kwa ine ufulu sugona pa mbendera yokha ayi. Ugona pa kufunsidwa, komanso kukhala ndi mphamvu yokana.

Apa mpomwe nkhani imatiluma ife eniake. Malamulo aakulu a dziko lino amati wofuna kukhala phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mayi wa ku Makhanga, amene madzi osefukira amutengera nyumba kangapo, amaudziwa mtsinje wa Ruo kuposa tonsefe. Koma ngati sukulu anailekera panjira, sangakaime ku Nyumba ya Malamulo n'kunena yekha zomwe waona. Ena amamuyankhulira, ena amamukonzera kosamukira. Zolinga zawo mwina n'zabwino ndithu. Angerezi aja nawonso ankati zawo n'zabwino.

Pa 6 Julayi tikamavina, tidzifunse: mayi uja ndi mfulu, kapena akadali wotetezedwa, kungoti womuteteza tsopano ndi m'bale wake?