Akalulu Awiri a Amwenye

Ife a ku Mtsiliza Amwenye timawadziwira m'masitolo a ku Area 2, komwe abale athu amanyamula matumba ndi kuyeza nsalu. Timadziwa mitengo ya katundu wawo, koma nthano za kwawo sitizidziwa. Chonsecho kumeneko kulinso kalulu, ndipo alipo awiri.

Woyamba ali m'buku lakale la Panchatantra, lomwe amati analikonza Vishnu Sharma pophunzitsa ana atatu a mfumu amene nzeru zinkawavuta. M'nthano yake, mkango unkadya nyama imodzi tsiku lililonse, ndipo nyamazo zinkapita kwa mkangowo mosinthana. Litakwana tsiku la kalulu, iye anachedwa dala, n'kunama kuti mkango wina unamutsekereza panjira. Anautengera pachitsime kuti akauonetse mkango winawo, ndipo unaona chithunzi chake chomwe m'madzi, n'kudumphiramo. Uyu ndi kalulu wathu yemwe, wa agogo aja. Nthano zimenezi zinayenda kutali: cha m'ma 750 Ibn al-Muqaffa anaziika m'Chiarabu pa dzina loti Kalila wa Dimna.

Wachiwiri ndiye wandisowetsa mtendere. Ali mu Jataka, nthano 547 za Abuda zofotokoza miyoyo imene Buddha anakhalapo asanabadwe komaliza, zomwe zina anazijambula m'mapanga a Ajanta. Kaluluyu ankakhala ndi pusi, nkhandwe ndi katumbu, ndipo anagwirizana kuti pa tsiku lopatulika asamane wopempha aliyense. Katumbu anapeza nsomba, pusi mango, nkhandwe nayo inapeza zake. Kalulu anali ndi udzu basi. Sakka, mfumu ya milungu, anabwera ngati mlendo wanjala, ndipo kalulu anamuuza kuti akoleze moto, adye iye amene. Asanalumphire pamotopo anadzikutumula katatu kuti tizilombo ta m'ubweya mwake tisapse naye limodzi. Pamenepa mpamene mtima wanga umaima: akupita kukafa, koma akuganizira utitiri. Moto sunamutenthe, ndipo Sakka anajambula chithunzi chake pamwezi.

Kodi munthu wosauka angakwanitse kukhala wabwino osayamba wachenjera? Kuno ana timawaphunzitsa kalulu woyamba, ndipo sindikuwadzudzula makolo. Mwana wosachenjera amuponda pamzere wa pakiyosiki ya madzi, amubera chenji m'minibasi, amugwiritsa ganyu tsiku lonse n'kumuuza kuti abwere mawa. Wopanda mphamvu chida chake ndi nzeru. Vuto n'lakuti kalulu akazolowera kupusitsa mkango sasiyira pomwepo. Mawa apusitsa fulu, mnzake wosauka.

Komatu kalulu wachiwiri ndimamuona kuno, ngakhale tilibe nthano yake. Pakagwa maliro, anthu a amfumu akamayenda khomo ndi khomo, mayi wogulitsa tomato amakokota ufa wotsiriza m'ndowa n'kupereka. Sakufuna kutchuka, ndipo wofedwayo mwina sanalankhulane naye chaka chonse. Akhristufe timakumbukira mkazi wamasiye wa pa Maliko 12 amene anaponya timakobiri tiwiri. Abuda amati kupereka kotere kumadula chingwe chomangirira munthu ku thupi ndi chuma chake. Ziphunzitsozi n'zosiyana, poti Abuda amakhulupirira zoti munthu akafa amabadwanso m'moyo wina ndipo ife sititero, koma onse amayeza mphatso poona chimene watsala nacho woperekayo.

Chimene sindingavomere n'chakuti tizilalikira nthanoyi kwa osauka okha. Kalulu uja analibe ana, ndipo moto wake unazizira chifukwa mlendoyo anali mulungu. Mayi wa tomato ali ndi ana, ndipo usiku umenewo amagonadi ndi njala. Ndimakhulupirira kuti wachita bwino, komanso kuti Mulungu waona. Koma ife amene tinali ndi thumba lathunthu m'nyumba, tinapereka kambale kamodzi ngati iye, ndipo mawa lake palibe amene anapita kukafunsa ngati kwake kwaphikidwa nsima.