Besi ya malemu ndi kachitsulo katsopano

Kodi chinthu chimene munthu wasiya pomwalira timachilemekeza pochisunga momwe chilili, kapena pochikonza kuti chizigwirabe ntchito? Funsoli limamveka ngati la m'kalasi, koma ine landipeza pa gitala.

Kuno ku Mulanje chitsulo sichikhalitsa. Mvula ikadula, chiperoni chimalowa, ndiye dzimbiri ndi mnansi wa aliyense. Besi ya kwaya yathu pa Boma pano inagulidwa ndi mkulu wina amene ankaiimba yekha mpaka tsiku lake litakwana. Kachitsulo kamene nsambo zimatsamira kumunsi kwa gitala, oimba amati bridge, kanadyeka mpaka timasikuluwu take kuleka kutembenuka. Anyamata akufuna kukagula kena ku Limbe. Akuluakulu akuti ayi, musintha mawu a malemu.

Akuluakuluwo sakunama ayi. Nsambo ikamanjenjemera, mphamvu ina imadutsa pa kachitsuloka n'kulowa m'thabwa, yotsalayo ndi imene mapikapu amatola n'kutumiza ku ampu. Mukaika kolemera m'malo mwa kopepuka konga kamene Fender ankaika pa mabesi ake akale, oimba ambiri amati mawu amachedwa kuzima ndiponso amatuluka owala pang'ono. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1970 anthu ankachotsa koyamba n'kumangapo kotchedwa Badass. Kusiyanako n'kochepa, nsambo zatsopano zimasintha mawu kuposa pamenepo, koma kulipo.

Chimene akuluakulu sakuchiona n'chakuti dzimbiri nalonso likusintha mawu, tsiku ndi tsiku, popanda kupempha aliyense. Timasikuluwu tija ndi timene timakonza kutalika kwa nsambo iliyonse. Tikauma, ungatchune bwanji, ukafika pa fureti ya 12 besi imakhala ikuimba nyimbo yakeyake, kwaya kwina iyo kwina. Malemuwo sankaimba choncho. Ndiye amene akuti tisakhudze akusunga chani kwenikweni?

Plutarch analemba za ngalawa ya Theseus ku Athens, imene ankaichotsa matabwa owola n'kumaika atsopano, mpaka anthu anayamba kukangana ngati inali yomweyo. Ine zimenezo sizindisowetsa tulo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni ya nsambo imodzi ndi botolo ndi kamtengo. Waya akaduka n'kumangapo wina, ndani angamve nyimbo yake n'kunena kuti uyu si Gasper? Zambiri zimene timazitcha mawu a chida zimakhala m'zala, ndipo zala za mkulu uja tinaziika m'manda.

Chondivuta ine ndi china. Anyamatawo agwirizana kuti akasintha akauze mayi amasiye kuti palibe chasintha, mtima wawo ukhale m'malo. Apa ndiye ndikukana. Mayiwo anaimva besiyi zaka zambiri, pa maukwati, pa maliro, ngakhale pakhonde pawo madzulo amuna awo akuyeserera. Kuwauza kuti makutu awo akuwanamiza ndi kuwalanda chinthu chimene dzimbiri silinathe kuwalanda. Tipite kwawo tisanakwere minibasi ya ku Limbe, tikawaonetse timasikuluwu touma tija, tikawauze kuti idzamveka mosiyana pang'ono. Kachitsulo kakaleko tikawapatse m'manja. Akakana, besi ndi ya amuna awo, tidzayamba tabwereka ya mpingo wina.