LONJEZO, CILAMULO NDI CIKHULUPIRIRO

Kuwerenga: Genesis 15, Agalatiya 3

Alipo Akristu m'midzi amene ayesa kuti Mulungu alandira munthu cifukwa ca kusunga malamulo. Wina awerenga nchito zace: samwa mowa, salima pa Sabata, apereka cakhumi, ndipo mtima wace udzikuza. Wina anagwa m'cimo, nacita manyazi, naleka kufika ku Nyumba ya Mulungu, poyesa kuti citseko camtsekekera. Onse awiri asokera pa mphambano imodzi, pakuti aiwala cimene cinayamba.

Cinayamba ndi lonjezo. Abrahamu anaturuka m'Harana ali wa zaka 75, wopanda mwana, ndipo Mulungu anamlonjeza mbeu yocuruka ngati nyenyezi. Iye anakhulupirira, ndipo anayesedwa wolungama asanadulidwe, Mose asanabadwe. Isake anabadwa atate wace ali ndi zaka 100, kuti onse adziwe kuti mwanayo ndi mphatso. Mtumwi Paulo aphunzitsa kuti cilamulo cinadza zitapita zaka 430, ndipo cimene cinafika m'mbuyo sicikhoza kupasula pangano limene Mulungu analikhazika kale.

Nanga cilamulo cinadzeranji? Cifanana ndi sikelo ya pa msika. Sikelo iuza mlimi zoona kuti thumba lace la mtedza laperewera, koma siionjezapo ngakhale kambeu kamodzi. Momwemo cilamulo ndi coyera, cionetsa cimo poyera, koma ciribe mphamvu yakulicotsa. Paulo acifanizira ndi namkungwi. Namkungwi alangiza nadzudzula, koma mwana si wace. Nthawi itakwana ampereka kwa eni. Cilamulo naco cigwira wocimwa pa mkono, nicimfikitsa kwa Kristu, amene anasenza temberero lace pa mtanda.

Pamenepo cikhulupiriro ndico dzanja lopanda kanthu limene lilandira cimene cinalonjezedwa. Kodi wokhulupirira ataye tsono malamulo? Iai, ndi pang'ono pomwe. Mwana alima m'munda wa atate wace, si kuti agule umwana ndi khasu, koma cifukwa ali mwana kale.

Potero wodzikuza uja aleke kuwerenga nchito zace, nayamike cisomo. Wakugwa uja anyamuke, alape, nabwerere ku Mpingo caka cino cisanapite patali. Amene anasunga mau ace kwa nkhalamba yopanda mwana sadzabweza wocimwa wakudza m'dzina la Yesu.