Fungo limatha, mawu amatsala

Adzukulu anga, senderani pafupi ndikuuzeni za botolo lija lili pamwamba pa kabati, limene ndimakuletsani kutaya ngakhale mulibe kanthu.

Anandibweretsera ndi achimwene anu aakulu pa ulendo wawo woyamba wochokera ku Joni. Mukudziwa kuti kuno ku Ntaja, ku Nsanama mpaka ku Ulongwe, palibe mudzi wopanda mnyamata amene anakwera basi kudutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kukasaka maganyu. Agogo awo ankapita kumigodi ndi Wenela, kufikira mu 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown, boma n'kuletsa ulendowo. Iwo ankabwera ndi mabulangete ndi njinga. A lerowa amabwera ndi mafoni, nsapato ndi perefyumu.

Mwanayo anagwada, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Anganga, aka n'kanu." Kabokosi kake kanali konyezimira ngati golide. Ndinakabisa m'sutikesi, kudikira ukwati wa ku Liwonde mwezi wa Okutobala.

Tsikulo ndinapopera pakhosi ndi pansalu yanga yatsopano. Ndikukwera minibasi, ndinkanunkhira ngati maluwa. Koma dzuwa la ku Liwonde mumalidziwa, limawotcha ngakhale uli m'mbali mwa Shire. Pofika masana fungo linasasa, n'kumamveka ngati kachasu wosakanikirana ndi thukuta. Pakhosi panayamba kuyabwa, panatuluka totupa, ndipo pansalu panatsala banga losachoka. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si totupa tija ayi. Pakati pa amayi amene tinkaphika nawo ndinanena kuti, "Mwana uja wandinyoza, wandigulira zotola pamsewu." Mawu alibe miyendo koma amayenda. Anamupeza asanabwerere ku Joni, ndipo ananyamuka mbandakucha osadzanditsanzika. Zaka ziwiri zinatha osamva mawu ake pafoni.

Mnzake wina atabwera kumudzi ndiye ananditsegula maso. Anati mwanayo ankanyamula makatoni mushopu, ankagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, ndipo masiku ena ankagona ndi njala kuti asunge ndalama ya mphatso. Perefyumu anali asanagulepo chibadwire. Anamugula kwa wogulitsa wa pamsewu ku Johannesburg amene anamulumbirira kuti ndi weniweni. Wopusitsidwa woyamba anali iyeyo, ine n'kudzamuwonjezera chilonda. Ndinamuimbira foni n'kupepesa, chifukwa ukulu suletsa munthu kupepesa.

Tsono mverani. Mukalandira mphatso, landirani ndi manja awiri, muthokoze. Ikakukhumudwitsani, nkhaniyo isafike kudambo, kuchigayo kapena pa WhatsApp. Muitaneni mwiniwake pambali, mumuuze mofatsa kuti, "Achimwene, zikomo kwambiri, koma mafuta aja sanandiyanje, mwina anakupusitsani." Mukatero mwamuteteza kuti asadzatayenso ndalama yake, ulemu wake n'kukhala wosasweka.

Komatu kuthokoza sikutanthauza kudzipweteka. Perefyumu wosamudziwa musamayambe n'kumupopera pakhosi. Pakani kadontho m'kati mwa mkono, mudikire mpaka mawa. Pakafiira kapena kuyabwa, sambani ndi sopo, mumusiye. Pakatupa, kapena mukamabanika, thamangirani kuchipatala. Ife kuno chachikulu chili ku Liwonde konko. Perefyumu wambiri amapangidwa ndi mafuta onunkhira osungunulidwa mu spiriti. Wachinyengo amakhala ndi mafuta ochepa ndi spiriti wosadziwika, n'chifukwa chake amalasa mphuno poyamba kenako n'kuzimirira msanga. Yang'anani manambala a pansi pa botolo ngati akufanana ndi a pabokosi. Dzina lotchuka pamtengo wa mbale ya usipa likuchenjezeni.

Dziwaninso kuti ngakhale weniweni amawonongeka. Amene amayalidwa padzuwa pamsika wa Balaka tsiku lonse, kapena kuikidwa pawindo la nyumba yamalata, amasintha mtundu ndi fungo. Musungeni pamthunzi, wotseka bwino. Ndipo fungo limodzi silikhala mofanana pa anthu awiri, chifukwa khungu ndi thukuta zimasiyana. Taonani madoda akamapita ku Juma: amayamba asamba, avala zochapa, kenako n'kupaka kadontho chabe. Perefyumu salowa m'malo mwa madzi ndi sopo.

Inu atsikana, botolo lonyezimira lisakugwetseni m'manja mwa mwamuna amene simukudziwa kwawo. Muyeseni ndi khalidwe lake, monga timayesera mafutawo, pang'onopang'ono ndi modikira. Inu anyamata amene mukulota za Joni, musamadzipanikize kugula zimene simukuzidziwa pofuna kuoneka olemera. Ife akuluakulu, paketi ya shuga, chitenje, ndi kukuonani mwabwera amoyo zimatikwanira.

Botololi ndimalisunga kuti lizindikumbutsa njala imene mwana uja anagona nayo chifukwa cha ine. Fungo lake linatha tsiku limodzi, koma mawu anga anamupweteka zaka ziwiri. Kupatsa n'kuika, adzukulu anga. Munthu akakuikirani mtima wake m'manja, musaugwetse pansi chifukwa cha kabokosi kamene wauikamo.