Kodi Ubwenzi wa pa Ubwana Uli ndi Mangawa?

Madzulo ena a mwezi wa October, nyengo imene dzuwa lipsereza ndi nkhokwe ziyamba kupepuka, basi yocokera ku Lusaka inaima pa mseu waukulu kupitirira Katete, nitsitsa nkhalamba imodzi ndi kasutikesi kace komanga ndi cingwe. Munthuyo anacoka kwao ali mnyamata wosakwatira, nakhala kunja zaka zoposa 40. Anatsata kanjira kamene mapazi ace anakakumbukira, koma pamene panali mudzi anapezapo bwinja: mitengo ya mango, mafuwa akuda, ndi munda wa munthu wina. Mudzi unasamukira kale kutsidya kwa dambo. Atafika kumeneko ana anamzinga monga azinga wogula nkhuku. Amace anamwalira, alongo ace awiri anamwalira, ndipo ana a alongowo anangomva dzina lace lokha, nalimva moipa. Koma pa khonde lina panakhala nkhalamba inzace irikusema mpini. Iyo inayang'anitsa cipsera ca pa mwendo wa mlendoyo, niika kasemasema pansi, niti, "A Phiri, ndinu kodi? Cipsera ico ndinaciona ciri ndi mwazi."

Nkhani yotere si yacilendo m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia. Cisintha ndi maina okha. Munthu wotere achedwa mchona. Ndipo pamene amuna awiriwo alikugwirana manja, funso lolemera laima kale pakati pao. Wobwerayo sanalembe kalata ngakhale imodzi. Pamene mnzace anakwatira sanatumize kanthu, pamene anaika mwana wace woyamba sanabwere, pa zaka za njala sanafunse ngati kwao kuli moyo. Tsono wafika wopanda ndalama, wopanda mphamvu ya khasu, wopanda pogona. Kodi wotsala kumudziyo ali naye mangawa anji?

Woyamba kuyankha m'nyumba zambiri ndiye mkazi, ndipo mau ace asapeputsidwe. Iye ati: "Bambo, cimanga ciri m'nkhokwemo ndaciwerenga, cikafika mu February ndi mwai. Adzukulu anai adya pano. Munthu uyu ali ndi abale ace, apite kwa iwo." Mkaziyo sali wouma mtima, alikuwerenga zoona. Ndiponso mwa mwambo wa Acewa munda ndi wa mbumba ya mkazi, mwamunayo anadza ngati mkamwini. Cifukwa cace akalonjeza mnzace cakudya, alonjeza cinthu cimene siciri cace yekha. Ena aonjeza mwambi wakuti kupatsa ndi kuika, nafunsa: nanga uyu anaika ciani? Ubwenzi, iwo ati, uli ngati njira ya kumunda. Ikaleka kupondedwa imera udzu, ndipo palibe mlandu pa udzuwo.

Kuti funsoli liyankhidwe bwino, ayambe waona munthu umo ubwenzi wotere ubadwira. Palibe amene asankha mnzace wa pa ubwana. Anyamata awiri apezana cifukwa mbuzi za atate ao zidya dambo limodzi. Aumba pamodzi ng'ombe zadongo, akumba mbewa pamodzi udzu utapsa, agawana mbatata imodzi yoocha, akwapulidwa tsiku limodzi mbuzi zitalowa m'dimba la mwini, ndipo usiku agona mphasa imodzi m'mphala, wina nakoka cofunda ca mnzace. M'menemo mulibe pangano, mulibe mboni, mulibe nkhoswe. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anamwalira caka ca 322 Kristu asanabadwe, anagawa ubwenzi patatu: wa phindu, wa cikondwerero, ndi wa anthu okondana cifukwa ca makhalidwe okoma. Woyamba Acewa audziwa bwino, ndiwo cibwenzi ca nkhwangwa cija cokoma pokwera. Wa ana anauika pa waciwiri, nanena kuti utha msanga, pakuti cimene cikondweretsa mwana lero sicimkondweretsa mawa. Pamenepo angaoneke ngati abvomereza mau a mkazi uja. Koma mwini yemweyo, pofunsa za mabwenzi amene anasiyana njira atakula, anaweruza kuti mnzako wakale asayesedwe mlendo wamba. Ciyanjano cakale cisiya kanthu koyenera kukumbukira, pokhapokha munthuyo atasanduka woipa kopitirira muyeso.

Kanthu kotsalako nciani? Si mtengo wa mbatata ija. Ndiko kuti munthu ameneyo adziwa ciyambi ca mnzace. Mkazi adziwa mwamuna wace kuyambira pa ukwati, ana adziwa atate wao ali wamkulu kale, mpingo umdziwa atabvala jekete. Koma tsiku limene analira poopa fisi, ndi mau a amace poitana madzulo, ndi pamene panali citsime cakale, zimenezi azidziwa mmodzi yekha. Pakati pa Acewa mnyamata akakula alandira dzina latsopano, ndipo kumchula dzina la ubwana ndiko kumnyoza. Bwenzi la pa ubwana lidziwa dzina lija, koma silichula. Amene anaitanana "iwe" kudambo, lero aitanana "inu", ndi mfunda, pamaso pa ana. Munthu wosunga za mnzace zotere zaka 40 osazitaya pabwalo wamcitira kale cinthu, ngakhale sanamtumizire khobiri.

Pali cinanso cosiyanitsa ubwenzi ndi cibale. Anthu ati cibale ndi pfupa, siciola, ndipo ndi zoona. Koma pfupa lomwelo litsamwitsa. Cibale ciri ndi munda, ng'ombe, ufumu ndi cuma ca masiye, ndipo pamene pali zogawana pali ndeu. M. G. Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a dziko la Fort Jameson, ndiko ku Chipata, nasindikiza buku lace mu 1965, anapeza kuti kunenezana ufiti kunacuruka pakati pa anthu a mbumba imodzi. Ndico cifukwa ana a alongo a mchona amuona ndi diso lokayika: wadzera munda wa amace kodi? Wadzera dzina? Bwenzi liribe mantha amenewo, pakuti palibe cimene awiriwo alimbirana. Makolo anacizindikira ici kale. Pa maliro sali abale amene asambitsa mtembo ndi kukumba manda, koma adzukulu, anthu a kunja kwa banja. Ndipo ku migodi, kumene munthu anafera kutali ndi kwao, nchito imeneyo anaigwira a mtundu wa cimbuya. Mbemba anaika Mngoni, Mngoni naika Mbemba, iwo amene makolo ao anathirana nkhondo. Pa nthawi yowawitsa yeniyeni mudzi uitana munthu amene sakakamizidwa ndi mwazi.

Tsono za kukhala cete kwa mchona. Asayesedwe onse ofanana. Amuna a kuno sanayambe ulendo cifukwa ca kunyoza kwao. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, ng'ombe zinalandidwa, msonkho unadza, ndipo ndalama ya msonkho siinamere m'munda. Anyamata anayenda pansi kunka ku mafamu ndi migodi ya Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Ndipo mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya utayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, njira ina inatseguka. Yense anacoka ndi mau amodzimodzi, akuti adzabwera akagula njinga ndi nsaru ya amai. Caka coyamba ndalama siikwana. Caciwiri adwala. Cacitatu akwatira komweko. Cacisanu acita manyazi kulemba kalata yopanda kanthu m'kati, ndipo cakhumi acita manyazi cifukwa ca zaka zisanu ndi zinai zija. Machona ambiri sanaiwale kwao. Anakukumbukira usiku uliwonse, ndi kukumbukira komweko kunawatseka pakamwa. Ambiri anabwezedwa ndi tsoka, monga aja anacotsedwa nchito m'migodi zaka za m'ma 1990, ndi anchito a m'mafamu a ku Zimbabwe amene anataya nchito ndi pokhala pomwe kuyambira mu 2000.

Manyazi afotokoza mlandu, koma saufafaniza. Kalata yopanda ndalama ikadakondweretsa mai wokalamba koposa bulangeti losafika. Munthu amene analola amace kufa osadziwa ngati mwana wao ali moyo analakwa, ndipo bwenzi lonena kuti palibe kanthu linama.

Augustine, amene anabadwa mu 354 m'kamudzi ka Tagaste, kumene lero kuchedwa Souk Ahras m'dziko la Algeria, analemba za mnzace wina amene anakula naye, naphunzira naye, nasewera naye. Mnyamatayo anadwala malungo namwalira. Augustine asimba kuti kuyambira pamenepo mudzi wa kwao unamsandukira cozunza, pakuti maso ace anafuna mnzaceyo ponseponse osampeza, kufikira anathawa kunka ku Carthage. Nyumba zinali zomwezo, miseu yomweyo, koma kwao kunatha. Cotero cimene munthu acha kwao si dothi lokha. Mchona uja anaimirira pa bwinja pamene anabadwira, ndipo sanafike. Anafika pamene munthu anazindikira cipsera cace. Ngati wotsalayo akadatembenuza nkhope, akadamlanda cinthu cimene palibe wina pa dziko lonse akhoza kumpatsa. Mangawa agona pamenepo. Sali mangawa obweza zimene munthu analandira, koma ofanana ndi a munthu amene ali ndi moto yekha m'mudzi monse m'mawa wa mvula: sanakongole kwa munthu, koma sangathe kukaniza wodzapala.

Koma mangawawa ali ndi malire, ndipo okonda kutama ubwenzi aiwala malirewo. Mwamuna alibe ufulu wa kuoneka wokoma mtima ndi thukuta la mkazi wace. Ayambe wakhala naye pansi, namvera ciwerengero cace ca nkhokwe, nagwirizana masiku. Alibenso ufulu wa kulowa m'malo mwa abale, ngati kuti mchonayo alibe mbumba. Akatero adzakulitsa cidani cimene anayenera kuciziziritsa. Nchito yace ndiyo kukhala mlomo wa mnzace kwa ana a alongo ndi kwa nyakwawa, pakuti iye yekha akhoza kuima nanena kuti munthu uyu ndi mwana wa uje, anabadwira pansi pa mtengo wakuti. Pamene Davide anafuna kukumbukira Jonatani, sanangoitana Mefiboseti wopunduka uja kudzadya pa gome lace; anambwezeranso minda ya Sauli. Nsima ya masiku onse isandutsa munthu wopempha, koma kamunda kambwezera umunthu. Ndipo cotsiriza, cimene ciri cobvuta kopambana: tsiku lina, awiriwo ali okha, wotsalayo anene za mwana uja anamuika mnzace kulibe, ndi za mai uja anayang'ana kunjira kufikira maso anacita khungu. Mlendo sauzidwa zotere. Kumuuza ndiko kumlandira monga mwini mudzi.

Otsala kumudzi asayese kuti mau onsewa alasa a kutauni okha. Masiku ano lamya iri m'matumba a anthu ambiri, ndalama iyenda pa lamya yomweyo m'kamphindi, ndipo kukhala mchona wosamveka kwabvuta. Koma pabuka nthenda yina. Alipo amene akumbukira mnzao wa ku Kitwe pa nthawi ya feteleza ndi ya fizi yokha. Moni ali wa mau atatu, pempho nlitsata. Wa kutauniyo, amene nayenso alipira nyumba ndi kugula nkhuni zomwe, ayamba kuopa nambala ya kwao, naleka kuyankha. Pamenepo akumudzi ati wanyada. Kodi anamuimbira liti kungomuuza kuti mvula yagwa, kuti mkuyu wa kudambo uja wagwa ndi mphepo, kuti mphunzitsi wao wakale wamwalira? Munthu wa kutali ali ndi njala ya nkhani zotere, ndipo wa kumudzi ali nazo zodzala nkhokwe. Machona ena apangidwa ndi anzao.

Usiku uja mlendoyo anagona m'kanyumba kosungira makasu, atayalira mphasa yatsopano. Mkazi wa mwini nyumba anaphika osalankhula zambiri, koma anapha nkhuku. Ndipo m'mawa anauza mwamuna wace kuti mlendo akhale kufikira mvula yoyamba, osapitirira. Amuna awiriwo anapita kwa nyakwawa, wotsala ali patsogolo. Mlandu sunathe tsiku limodzi. Mwana wamkulu wa mlongo anakana kawiri, nanena mau owawa amene anali oona; kacitatu analoza kacigawo ka tsala m'mphepete mwa dambo, kamene palibe anakafuna cifukwa ca nsenjere. Pobwera, mchonayo anaima panjira nafunsa cimene anaopa kufunsa cifikire: "Amai anagona pati?" Kumanda sikupitidwa wamba, cotero anabwereranso kwa nyakwawa kukapempha; ndipo m'mawa mwace mnzaceyo anatenga cikwanje, pakuti njira inamera, natsogola.