Kodi Mbusa Ayenera Kukhala pa Mpando wa Mfumu?

Abale, ambiri a makolo athu a kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje anatsata nchito ku Harare, masiku aja dzina lace linali Salisbury, ndipo ena pobwera anali kuchula dzina la Abel Muzorewa. Munthuyu anabadwa m'caka ca 1925, naphunzira pa misyoni ya Old Umtali, ndipo m'caka ca 1968 anasankhidwa akhale bishopu wa Mpingo wa United Methodist, munthu wakuda woyamba kulandira udindowo m'dziko la Rhodesia.

Pamene boma la Ian Smith linaika lamulo logawa nthaka monga mwa khungu la munthu, iye analitsutsa, osati yekha iai, koma pamodzi ndi mabishopu a Aroma ndi akuru a mipingo yina. Ife amene timakangana ndi pamaliro pomwe, kuti aimbe a mpingo uti, tiyenera kucita manyazi pakumva ici. M'caka ca 1970 boma linamletsa kuponda m'midzi ya anthu akuda, kumene kunali nkhosa zace zambiri. Koma mau ace anakulirakulira. Pofika nthumwi za Lord Pearce m'caka ca 1972 kudzafunsa ngati anthu abvomera pangano la Smith ndi Angelezi, iye anatsogolera anthuwo, nakana iwo. Caka cotsatira bungwe la United Nations linampatsa mphoto ya ufulu wa anthu.

Tsono m'caka ca 1979 bishopuyo anakhala nduna yaikuru ya boma, nkhondo iri ciyakire. Asilikali omwe aja anthu anali kuwaopa dzulo anasanduka asilikali a boma lace. Ufumuwo unatha itapita miyezi 6, ndipo pa masankho a 1980 cipani cace cinapeza mipando 3 yokha mwa 80.

Sindinena kuti anali wa mtima woipa. Ndikhulupira kuti anafuna mwazi uleke kukhetsedwa. Ndipo wina adzati, Nanga Yosefe sanalamulira Aigupto? Indedi, koma Yosefe sanali wansembe. Natani anakhoza kudzudzula Davide cifukwa mpando unali wa Davide, si wa Natani.

Taonani pabwalo la m'mudzi mwathu. Mfumu ikaweruza mlandu wa malire a munda, wina apambana, wina agwa, pakuti nchito ya mfumu ndi yomweyo. Wakugwayo madzulo amuka kwa mbusa kukatula nkhawa zace. Nanga ngati woweruza uja ndiye mbusa yemwe, adzagogoda pa khomo la yani? Ndi Mroma uja amene anaima naye dzulo, adzamuyesabe mbale, kapena mwini cipani?

Muzorewa anakhalabe bishopu kufikira 1992, namwalira ku Harare m'caka ca 2010.