Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere

Makolo ponena mwambiwu ankachenjeza munthu wokhulupirira maso okha, ndipo woyendetsa ndege yopanda injini ayenera kuusunga pamtima. Ndege yotere imakwera ndi mpweya wotentha wochoka pansi, ndipo yabwino ikakwera kilomita imodzi imatha kuyenda makilomita 40 isanakhudze nthaka. Mpweyawo ukazilala bwalo la ndege lili kutali, woyendetsa amatera paliponse pamene papezeka. Ngozi imayambira pa kusankha malowo. Munthu ali m'mwamba, munda wobiriwira umaoneka wosalala ngati mphasa, koma pansi pali mizere ya chimanga, zulu, zitsa ndi mawaya a magetsi a ESCOM omwe saoneka mpaka wawayandikira. Phiko lalitali likangokola udzu, ndege imazungulira n'kuthyoka. Choipa kwambiri n'kuchedwa kusankha: woyendetsa amakakamira kusaka mpweya wina, n'kukhota ali pafupi ndi nthaka liwiro litachepa.

Wina anganene kuti izi n'za ku Gariep Dam ku South Africa, kumene masewera oyendetsa ndege zotere ndi otchuka, osati kwathu kuno. Koma kandege kalikonse konyamuka pa Chileka ku Blantyre, injini ikazima, kamasanduka ndege yopanda injini nthawi yomweyo, ndipo kamatsika msanga kuposa inzake ija. Blantyre sapereka malo ambiri oterapo: mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche amuzinga, nyumba zadzaza Chirimba mpaka Bangwe. Wina angatsutsenso kuti pangozi palibe nthawi yosankha. N'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira kuti munda uzisankhidwa ndege ikadali pamwamba, poyang'ana mphepo, kutsetsereka kwa nthaka ndi mapolo, poti polo ndi imene imaulula waya wobisika.